Kujambula munthu popanda kumuumitsa ngati chitsa

Kamera mwagula, lenzi ndi yabwino, dzuwa nalo lakomera. Koma munthu akangoima patsogolo panu, manja amagwa m'mbali ngati msilikali pa perete, khosi limamira m'mapewa, mano ali gwa. Madzulo mukamutumizira zithunzi, yankho limabwera lalifupi: "Zili bwino, koma sindikudziona." Ulendo wina amaitana wojambula wina.

Nthawi zambiri vuto limakhala pakamwa pa wojambula. Timabisala kuseri kwa kamera tili duu, n'kumayembekezera kuti munthu adziwa yekha chochita ndi thupi lake. Kuno ku Lusaka munthu akafuna chithunzi amati "nikopeniko". Kwathu ku Katete, kukopa ndi kunyengerera munthu mpaka mtima wake utatsika. Ntchito yathuyi imafuna matanthauzo onse awiri, ndipo kukopa kwa ku Katete ndiko kumayamba.

Zoyenera kukhala m'chikwama

- Kamera ndi lenzi ya 50mm f/1.8 (nambala ya f ikachepa, ndiye kuti lenzi yatseguka kwambiri), kapena 85mm ngati muli nayo. Pa kamera za sensa yaing'ono, 50mm imaona ngati 75mm kapena 80mm, ndipo ndi yokwanira pa nkhope. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, onetsetsani kuti ili ndi 2x kapena 3x, zokokera chithunzi pafupi.
- Mabatire 2 otchajiratu usiku, osadalira kuti m'mawa magetsi akhalapo, ndi memori khadi yapadera.
- Reflector, chobwezera kuwala pankhope, ya mbali yoyera ndi yasiliva. Ikasowa, pepala lalikulu loyera lomata pa katoni limagwira ntchito.
- Tishu, kagalasi kam'manja, zipini ndi chipeso.
- Kampando kopanda choyedzamira, ndi kireti yolimba yokwerapo.
- Chitenge choyera bwino choyala pansi, ambulera, ndi madzi akumwa a kasitomala.
- Munthu mmodzi wogwira reflector, ngakhale mng'ono wanu.

Tsiku lisanafike

1. Funsani kuti chithunzicho ndi chachiyani. Cha pa CV, cha kubadwa, cha graduation, chokapachika pabalaza kumudzi, kapena chotsatsira malonda pa Facebook? Yankho lake ndi limene limasankha malo, zovala ndi kaimidwe. Mayi wogulitsa zitenje ku Kamwala amafuna nsalu ioneke maluwa ake onse, pomwe mnyamata wofunsira ntchito ku banki amafuna nkhope ndi kolala basi. Funsaninso kuti, "Pa zithunzi zanu zakale, ndi chiti chimene mumachikonda, nanga ndi chiyani chimene simukonda kuona?" Apa munthu amaulula zimene sakanazinena pa tsikulo: kuti mikono yake amaiona ngati yonenepa, kuti ali ndi mbali ya nkhope imene amaikonda, kuti saseka chifukwa cha dzino lobenthuka. Zimvereni, musatsutse.

Chenjezo: akakutumizirani chithunzi cha pa Instagram n'kunena kuti "ndikufuna chonchi", chiyang'aneni limodzi. Ngati chinajambulidwa mu studio ya magetsi atatu pomwe inu muli ndi dzuwa ndi katoni, nenani lero lomwe.

2. Lembani mgwirizano pa WhatsApp. Uthenga umodzi ukhale ndi tsiku, nthawi yoyambira ndi yothera, malo, chiwerengero cha zovala zosintha, chiwerengero cha zithunzi zokonzedwa, mtengo, mtengo wa chithunzi chilichonse chowonjezera, ndi tsiku lolandira. Kasitomala ayankhe kuti wavomera. Ine ndimalandira theka la ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo ndisanalembe tsikulo m'kope, theka linalo ndisanatumize zithunzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene sanalipire kalikonse savutika kukuimbirani muli kale pa minibasi n'kunena kuti kwagwa zina.

Apa ambiri timagwa ndi achibale komanso a kutchalitchi. Mukafuna kuwachotsera, achotsereni, koma lembani mtengo weniweni ndi umene mwachotsa, kuti akamakutumizirani anzawo asamanene kuti "amajambula motchipa".

3. Kambiranani za zovala. Timizere ting'onoting'ono tothithikana timavina mu chithunzi, ndipo kukonza kwake n'kovuta. Malaya a zilembo zikuluzikulu amaba maso. Chitenge chokhala ndi maluwa ambiri chimafuna kumbuyo kopanda zambiri, monga khoma la mtundu umodzi kapena mpanda wa maluwa wobiriwira. Banja lonse likavala nsalu imodzi, monga zimachitikira pa kitchen party kapena chilanga mulilo (mwambo umene akuchikazi amaperekera zakudya kwa mkwati), ntchito yanu yapepuka. Uzani amuna achotse foni, makiyi ndi chikwama cha ndalama m'matumba, ndipo amayi asayese wigi kapena zodzola zachilendo pa tsikulo.

4. Sankhani nthawi poyamba, malo pambuyo. Dzuwa la masana kuno limakhala paliwombo, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale. Limasiya maenje akuda m'maso, mphumi ndi mphuno zili nyezinyezi. Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 09:00, kapena kuyambira 16:00. Kumbukirani kuti mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 18:00 isanakwane, choncho kasitomala wochedwa ndi ola limodzi wadya theka la kuwala kwanu. Muuzeni nthawi yoyambirira ndi mphindi 30, ndipo werengerani mndandanda wa magalimoto wa pa Great East Road kapena Kafue Road. Mu Ogasiti mphepo ndi fumbi zimasokoneza tsitsi ndi maso. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jacaranda imachita maluwa, aliyense amafuna kujambulidwa pansi pake, koma ndiyonso miyezi ya thukuta. Nyengo ya mvula, kumwamba kukaphimba mitambo, kuwala kumafewa ndipo mutha kujambula ngakhale 12:00.

Pa za malo, ku Goma Lakes pa yunivesite ya UNZA kuli madzi ndi mithunzi, ku Kabwata Cultural Village kuli nyumba zaudzu, ku Munda Wanga ku Chilanga kuli mitengo ndi maluwa. Malo olowera pageti, funsiranitu ngati kamera yamalonda ili ndi malipiro ake, ndipo gwirizanani kuti alipira ndani. M'malo ogulitsira akuluakulu, pemphani chilolezo ku ofesi musanatulutse kamera. Pafupi ndi State House, kumalo a asilikali ndi malo ena achitetezo, kamera isatuluke n'komwe m'chikwama. Musaderere pakhomo pa kasitomala: khonde la nyumba ya ku Matero, munthu ali mumthunzi atayang'ana kunja kowala, limapereka kuwala kumene studio zambiri zimasirira.

Pa tsikulo

5. Mphindi 10 zoyamba, kamera ikhale m'chikwama. Perekani moni wokwanira. Funsani za kunyumba, za ulendo, mupatseni madzi. Kwa wamkulu, "amai", "atate" kapena "ambuya", ndi "inu" nthawi zonse. Mwana wa m'tauni amene amakuitanani kuti "ba kameramani" mutha kucheza naye momasuka, koma muyambe ndinu kuona mmene iye akulankhulira. Mukucheza choncho, maso anu akhale pa ntchito: akaseka amapendekera mbali iti? Manja amawaika pati akamamvetsera? Kaimidwe kamene thupi lake limakadziwa kale ndi kamene mudzabwererako zinthu zikauma. Kenako muuzeni mawu awa: "Musadandaule za pozi, ndikuuzani chilichonse. Zithunzi zoyambazi ndi zoyesera kuwala chabe." Anthu ambiri mapewa amatsika pomwepo.

6. Konzani kamera poyang'ana khungu. Munthu mmodzi, yambani ndi f/2 mpaka f/2.8, shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) 1/250 ya sekondi, ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) yotsika mmene kuwala kungalolere. Fokasi ikhale pa diso limene lili pafupi ndi inu. Kamera ikamayeza kuwala payokha imanyengedwa ndi diresi loyera kapena khoma lowala, n'kudetsa nkhope mpaka maso okha ndi mano. Yezani kuwala pa tsaya, onjezerani pang'ono ngati nkhope yada, koma yang'anirani kuti choyeracho chisapse mpaka kusowa ulusi. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosafinyidwa umene umakonzeka bwino pa kompyuta, ngati kamera ikulola. Khungu lakuda limakongola ndi kuwala kofewa kochokera cham'mbali, chifukwa kumalemba tsaya ndi chibwano. Dzuwa likhale kumbuyo kwa munthu chapambali, reflector yoyera patsogolo cham'munsi mwa chifuwa. Yasiliva imathobwa m'maso, iikeni patali.

Chenjezo: udzu wobiriwira umabweza mtundu wake pansi pa chibwano, khoma lofiira nalo chimodzimodzi. Musendezeni munthu mapazi angapo, kapena yalani choyera pansi.

7. Yambani ndi mapazi. Munthu akaima miyendo yonse mofanana, chifuwa chili kwa inu, ndiye chithunzi cha pa chitupa chija. Muuzeni atembenuze thupi pang'ono, ngati akuyang'ana ngodya ya chipinda, phazi limodzi kumbuyo, thupi lonse litsamire pa mwendo wakumbuyowo. Bondo lakutsogolo lipindike pang'ono. Kenako nkhope yokha ibwerere kwa inu. Kwa mayi, chala cha phazi lakutsogolo chiloze kamera. Kwa bambo, miyendo italikirane molingana ndi mapewa. Mapazi akakhala bwino, chiuno ndi mapewa zimatsatira zokha, ndipo mwachepetsa theka la zonena.

Musanene "kumanja" kapena "kumanzere", chifukwa kumanja kwanu ndi kumanzere kwake. Lozani chinthu: "Tembenukirani ku mtengo wa mango uwo." Kapena imani patsogolo pake muchite inuyo, iye akutsanzireni ngati galasi. Mukaoneka oseketsa, zili bwino, manyazi ake achoka.

8. Msana, mapewa ndi chibwano. Mukati "imani mowongoka", munthu amakweza mapewa mpaka m'makutu. Nenani kuti, "Kokani mpweya, tulutsani, mapewa agwe." Jambulani akangotulutsa. Chibwano ndicho chovuta. Anthu ambiri akaona kamera amabweza mutu kumbuyo, mnofu wa pansi pa chibwano n'kuunjikana, pomwe anyamata ena amakweza chibwano mpaka mukuona m'mphuno. Ine ndimati, "Tulutsani mutu pang'ono ngati mukusuzumira pawindo la minibasi kuona ngati mwafika, kenako tsitsani chibwano pang'ono chabe." Iye amamva ngati zachilendo, koma kuchokera kutsogolo khosi limatalika ndipo nsagwada imaoneka.

Kamera ikhale molingana ndi maso ake pojambula nkhope, ndipo molingana ndi chiuno kapena chifuwa chake pojambula thupi lonse. Ngati ndinu wamtali, pindani mawondo, apo ayi munthu atuluka mutu waukulu, miyendo yaifupi. Musayandikire kuposa mamita 1.5 pojambula nkhope. Pafupi kwambiri mphuno imakula, makutu n'kuthawira kumbuyo. A foni, bwererani m'mbuyo mugwiritse 2x.

9. Apatseni manja ntchito. Funso limene mudzalimva koposa onse ndi lakuti, "Nanga manja niike kuti?" Dzanja lopanda chochita limauma kapena kufumbata chibakera. Lipatseni chogwira. Bambo agwire batani la jekete, akonze wotchi, kapena alowetse dzanja m'thumba chala chachikulu chili kunja. Mayi agwire m'mphepete mwa chitenge, kachikwama, ndolo, kapena aike dzanja limodzi pa linzake cham'chiuno. Wa graduation ali ndi mwayi, pepala ndi chipewa ndi zogwira kale.

Pali zinthu zitatu zoyang'ana. Choyamba, mkono usamatirire ku nthiti. Ukapanikizika umaphwatalala n'kuoneka waukulu kuposa mmene ulili, choncho chigongono chichoke pang'ono, pakhale kampata koonekera kuwala. Chachiwiri, kamera ione m'mbali mwa dzanja, osati chikhatho chonse kapena kuseri kwake konse, chifukwa dzanja lotambasuka limalingana ndi nkhope kukula kwake. Chachitatu, dzanja likapita kunkhope lingokhudza, lisakankhe tsaya. Zala zikauma, muuzeni azikutumule ngati wangosamba m'manja posowa chopukutira, kenako aziike pomwe zinali. Zimabwerera zofewa.

Kupinda manja pachifuwa kumakomera wa bizinesi, bola zala zionekere pamwamba pa mkono ndipo nkhope ikhale yomasuka. Kupanda apo amaoneka ngati mwini nyumba wodzatenga lendi.

10. Maso ndi kumwetulira. Musawerenge "wani, thu, firii". Pofika pa firii munthu watong'ola maso kapena waphethira. Muuzeni ayang'ane pansi, ndipo mukatchula dzina lake adzutse maso. Kamphindi kameneko maso amakhala amoyo. Wovutika ndi kuwala atsinzine, atsegule inu mukanena. Kumwetulira kopemphedwa kumakhala kwa pakamwa pokha, ndipo pakatha masekondi ochepa kumafota. Funsani funso m'malo mwake. Kwa wa graduation, "Ndani kunyumba amene analira kwambiri atamva kuti mwakhoza?" Kwa mwamuna ndi mkazi wake, "Anayamba kufunsira ndani, tinene zoona?" Akayamba kukangana moseka, chala chanu chikhale pa batani. Chithunzi chabwino chimabwera kuseka kukamatha, pakamwa pakubwerera m'malo koma maso akadali ndi chimwemwe.

Si aliyense ayenera kuseka. Agogo ambiri amaona kuti chithunzi ndi chinthu chaulemu, ndipo nkhope yodekha ndiyo yawo. Jambulani imeneyo kaye, kenako mdzukulu akawaseketsa mujambulenso.

Wovala magalasi, kuwala kukamanyezimira m'magalasimo, akweze pang'ono timiyendo take kuseri kwa makutu kuti magalasi aweramire pansi, kapena atembenukire kumbali pang'ono. Chipewa cha graduation chimaponya mthunzi m'maso, chikankhireni kumbuyo pang'ono ndipo reflector ibwere pafupi. Tsiku lina pa Goma Lakes ndinajambula mtsikana zithunzi zoposa 40 ndisanaone kuti chingwe cha chipewa chagona pakati pa diso lake. Mayi ake ndi amene anaona, ali chapatali ndi mbale ya chakudya m'manja.

Pakamwa panu pasatseke. "Eya, choncho, mwakhoza, tsitsani pang'ono, basi pomwepo." Mukaona kuti pozi yalakwika, musakwinye nkhope poyang'ana kamera, chifukwa iye aganiza kuti choipa ndi nkhope yake. Jambulani chimodzi, nenani "tiyeni tiyesenso china", n'kusintha.

11. Akauma, mukhazikeni pansi kapena muyendetseni. Akhale kutsogolo kwa mpando, osati kumira m'kati, msana uwongoke, aweramire kwa inu pang'ono. Mawondo aloze kumbali, chifukwa chilichonse choloza kamera chimakula. Mayi wovala siketi yaifupi apingase miyendo cham'munsi, ndipo inu muone kutalika kwa kamera yanu musanagwade. Kuyenda nako kumathandiza: abwerere mapazi 10, abwere kwa inu pang'onopang'ono akuyang'ana kumbali, shutter ili pa 1/500.

12. Musakhudze munthu musanapemphe. Kolala yapindika, tsitsi lagwera pamphumi, lamba wa mkati waonekera: nenani, mupatseni galasi, kapena pemphani mnzake amene wabwera naye akonze. Wojambula wamwamuna, mkazi wa mwini musamugwire chibwano kapena chiuno ngakhale mwamuna wake akuseka. Mtsikana akabwera yekha, mulimbikitseni kubwera ndi mnzake, ndipo musasinthe malo kupita kobisika kumene simunagwirizane.

Banja ndi gulu

13. Dziwani ubale musanaimike anthu. Apa ndi pamene ndinaphunzira ndi manyazi. Kunali ku Chilenje, chilanga mulilo chitatha, mapoto atatsitsidwa, ng'oma zitaleka. Ndinayamba kuimika anthu potengera kutalika, monga ndinazolowera. Mkwati anali wamtali, mayi wina wovala duku labwino anali wamfupi, ndiye ndinati, "Bwana, imani apa kumbuyo kwa amai, dzanja muike paphewa pawo." Pabwalo panangoti zii. Mkwati anayang'ana nsapato zake. Mayi wina wachikulire anandikodola, n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, amenewo ndi apongozi ake." Zithunzi zonse za pambuyo pake mkwatiyo anatuluka ngati wamwa mankhwala owawa.

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndapeza munthu mmodzi wodziwa banja lonse, kawirikawiri azakhali kapena mlongo wamkulu, n'kumufunsa kuti uyu ndani, uyo ndani, ndani sayenera kuyandikana. Pali apongozi, pali akazi awiri a bambo mmodzi, pali makolo amene anasiyana. Iye yemweyo ndi amene amaitana anthu, chifukwa mawu ake amamveka kuposa anu. Mabanja ena a m'tauni zimenezi sazitsatiranso, koma muyenera kumva kwa eni ake.

Akuluakulu akhale pamipando pakati, ndipo muyambe ndi zithunzi zawo kuti akapume. Ena aime kumbuyo, ana akhale kutsogolo pa chitenge kapena pamphasa. Mitu isakhale pa mzere umodzi ngati mabotolo pa shelefu, ina ikwere, ina itsike. Mapewa alowane pang'ono, mipata itsekeke. Auzeni kuti, "Ngati simukuona kamera ndi maso onse awiri, nayonso sikukuonani." Mizere 2 ya anthu imafuna f/5.6, mizere 3 f/8, fokasi pa mzere wakutsogolo kapena wachiwiri. Kwerani pa kireti kuti nkhope zakumbuyo zioneke. Jambulani kasanu kapena kuposa, wina amaphethira ndithu.

Chenjezo: achibale a mafoni amaima kumbuyo kwanu, ndipo theka la gulu limayang'ana kwa iwo. Musakangane nawo. Nenani mwaulemu kuti, "Ndijambule zanga zisanu, kenako ndikusiyirani." Mukatero sungani lonjezolo.

14. Ana. Tsikani mufike pa msinkhu wawo, shutter 1/500, ndipo muiwale za pozi. Mpatseni mwana chogwira, mufunseni ngati m'lenzimo akuonamo kambalame. Amene amawononga chithunzi kawirikawiri ndi makolo, pokalipa kuti "seka iwe!" kapena poyang'ana mwana mmalo moyang'ana kamera. Auzeni kuti iwo angoyang'ana kwa inu, mwanayo ndi ntchito yanu. Akalira, imani, ayamwe kapena adye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

15. Muonetseni pang'ono, osati zonse. Mukapeza chithunzi chabwino choyamba, mutembenuzireni kamera aone. Akadziona kuti watuluka bwino, thupi limamasuka kuposa mmene mawu anu angachitire. Mvetserani zimene anene. Akati "mkono uwu", sinthani kaimidwe pomwepo. Koma musamupatse kamera kuti azipyola zonse, adzaima pa chimene anaphethira. Musanatseke chikwama mufunseni ngati pali pozi imene ankaifuna. Ngakhale ikhale ya zala ziwiri m'mwamba, jambulani, ndalama ndi zake.

Mukabwerera kunyumba

16. Sungani, sankhani, konzani, tumizani. Koperani zithunzi m'malo awiri musanafufute khadi. Chotsani zophethira ndi zosagwira fokasi, zotsalazo mumutumizire zazing'ono kuti asankhe chiwerengero chimene munagwirizana. Pokonza, chotsani zimene zimatha zokha pakapita masabata awiri, monga chiphuphu kapena ulusi pa jekete. Chipsera, mphini, mpata wa pakati pa mano ndi makwinya a agogo ndi zake za munthu, musazichotse asanapemphe. Khungu musaliyeretse mwa kufuna kwanu. Ena amapempha okha, ndipo ine ndimawaonetsa ziwiri, china cha mtundu wawo weniweni chowala bwino, china choyeretsedwa. Ambiri akaona khosi ndi manja zikusiyana ndi nkhope amasankha choyamba.

WhatsApp imafinya zithunzi mukazitumiza mwachizolowezi, ndipo zikakatsukidwa zazikulu zimatuluka zosweka. Tumizani ngati document, kapena ikani pa Google Drive. Tsiku limene munalonjeza likwane. Mukaona kuti muchedwa, yambani ndinu kuimba.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuyang'ana nkhope yokha n'kuiwala kumbuyo. Mtengo wa magetsi womera pamutu, thanki ya madzi paphewa, zovala zamkati pa chingwe, mulu wa zinyalala pangodya. Musanadine, yendetsani diso m'mbali zonse zinayi. Musendezeninso munthu kutali ndi khoma, mamita 2 kapena 3, kuti kumbuyo kufewe ndipo mthunzi wake usamatirire pakhomapo.

Kudula chithunzi pa mfundo za thupi. Mukadula pa bondo, pa chigongono, pa khosi kapena pa akakolo, munthu amaoneka wodulidwa chiwalo. Dulani pakati pa ntchafu kapena pakati pa mkono, ndipo ngati mapazi alimo, akhalemo onse ndi nsapato zomwe.

Kupatsa aliyense pozi imodzi. Dzanja m'chiuno limakomera mtsikana wa zaka 21 pa tsiku lake lobadwa. Mayi wa chigwirizano cha kutchalitchi atavala yunifolomu yake sangakuthokozeni nalo.

Kusiya thukuta poganiza kuti mukachotsa pa kompyuta. Tishu imodzi, yogunditsa pamphumi ndi pamphuno osati kupukuta, imakupulumutsani ola lathunthu la usiku.

Kunena zoipa za thupi la munthu, ngakhale mwanthabwala. "Bwezani mimba" ndi mawu amene amatseka nkhope mpaka mapeto. Mutembenuzeni, mukwezeni msana, mimba ibisala yokha.

Kutalikitsa. Munthu wosazolowera kamera amatopa pakatha ola limodzi, ndipo kutopako kumayamba kuoneka m'maso. Pozi 5 kapena 6 zochitidwa bwino, chilichonse chojambulidwa chathupi lonse, cha theka la thupi ndi chankhope, zimakupatsani zithunzi zokwanira.

Kuika zithunzi za kasitomala pa Facebook kapena TikTok osapempha. Zambia ili ndi lamulo loteteza zokhudza munthu, Data Protection Act la 2021, koma musadikire kuti lamulo likukumbutseni. Funsani polemba, mu uthenga womwe uja wa mgwirizano, ndipo za ana avomereze ndi makolo. Wina anajambulitsa ali woyembekezera asanauze akwawo, wina zithunzi za chinkhoswe akufuna ayambe kuonetsa yekha. Akati ayi, zisiyeni mu kompyuta, ngakhale chitakhala chithunzi chokongola koposa zonse zimene mwajambula chaka chino.